Agogo, adzukulu ndi njovu: masiku 7 pamsewu wa kunkhalango

Amalawi ambiri amaganiza kuti kukaona nyama zakutchire ndi khalidwe la azungu ndi anthu a ndalama zawo. Mlembi wathu adanyamula banja lake lonse, kuyambira agogo mpaka mwana wachitsiriza, pagalimoto yobwereka n'kuzungulira Liwonde, Cape Maclear, Nkhotakota ndi Kasungu. Iye akusimba motere:

Zonse zidayamba ndi ntchito ya kusukulu. Mwana wanga wamkazi, yemwe panthawiyo adali Sitandade 5, adauzidwa ndi aphunzitsi ake kuti ajambule njovu ndipo alembe ziganizo zisanu zofotokoza nyamayi. Atamaliza kujambula adabwera pakhonde pomwe ndinkamvera wailesi n'kundifunsa ngati njovu imaposa ng'ombe zokoka ngolo zomwe zimadutsa pakhomo pathu popita kumsika.

Ndidamuyankha mosajejema kuti njovu ndi yaikulu kutalitali.

"Ndiye inuyo adadi mudaionera kuti?" adafunsanso.

Apa mawu adandithera. Ndine bambo wa zaka zoposa 40, wobadwira ndi kukulira m'dziko muno, koma njovu ndinkangoidziwira m'mabuku, pakanema ndi pakandalama kachitsulo ka 20 tambala kaja kadasowa kalekale m'matumba mwathu.

Bambo anga, omwe timakhala nawo pa Ntcheu chimwalirireni mayi, adaseka mpaka kutsokomola. Iwo kwawo ndi ku Nkhotakota ndipo adagwira ntchito ya misewu kwa zaka zambiri asadapume. Masiku amenewo maso awo adali atayamba kuchita ng'ala moti nyuzi ankaiwerenga ataigunditsa pamphuno.

"Mwanawe," adatero, "ndisadasiyiretu kuona, unditengere kwathu ndikaone nyanja. Panjira adzukulu angawa akaione njovuyo, aleke kufunsa anthu oti nawonso sadaionepo."

Kukonzekera

Tidakonzekera kwa miyezi isanu. Mayi a kunyumba adapatula gawo la ndalama zomwe adalandira pogawana kubanki mkhonde, ine ndidagulitsa matumba angapo a kachewere, ndipo mlamu wanga adatibwereka ka Sienta kake atatilumbiritsa kuti tikabweza kali ndi matayala onse anayi.

Tidanyamuka mu Ogasiti 2025 sukulu zitatsekera. Nyengo ya chilimwe ndiyo yabwino paulendo wotere chifukwa udzu umakhala utauma, misewu yafumbi imadutsika, ndipo nyama zimasonkhana kufupi ndi madzi. Chodetsa nkhawa chidali petulo, yemwe chaka chimenecho ankasowa pafupipafupi. Tidagwirizana kuti paliponse pomwe tipeze mafuta tiziima n'kuthira, ngakhale thanki ikhale pakati.

Kumbuyo kwa galimoto tidapakira ufa, mpunga, nyemba, mapoto, zigubu za madzi, maneti a udzudzu, tayala lapadera, jeke ndi sipanala. Tidaganiza zoti tizigona m'nyumba zogona alendo zotsika mtengo za m'matauni ndi kwa abale, osati m'malo apamwamba a m'kati mwa nkhalango, ndipo chakudya tiziphika tokha pomwe atilola. Tidalipo anthu 6: ine, mayi a kunyumba, ana atatu ndi agogo awo, omwe adadzisankhira mpando wakutsogolo ati kuti aziona ngati misewu yomwe adakumba ngalande zake ikadalipo.

Liwonde: njovu pamaso

Kuchoka pa Ntcheu tidatsata msewu wa M1 mpaka pa Chingeni pomwe tidakhotera kumanzere kulowera ku Balaka. Kamphepo kozizira ka kumapiri kadatsala m'mbuyo, milambe idayamba kuoneka, ndipo pofika pa Liwonde majuzi onse adali atavulidwa.

Pamlatho wa Kamuzu Barrage agogo adalamula kuti tiime. Adafotokozera ana kuti mtsinje wa Shire ndiwo wokha womwe umatulutsa madzi m'nyanja ya Malawi, ndipo zitseko za pamlathowu, zomwe zidamangidwa mu 1965, ndizo zimayang'anira kuchuluka kwa madzi opita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira komwe amapanga magetsi. Mnyamata wathu woyamba, wa Fomu 2, adati zimenezi adaphunzira kale m'kalasi koma sankadziwa kuti mtsinjewo ndi waukulu chonchi.

Chipata cholowera kunkhalango ya Liwonde chili makilomita ochepa chabe kuchoka patauni. Tidaonetsa ziphaso zathu za unzika chifukwa Mmalawi amalipira ndalama yocheperako poyerekeza ndi mlendo wochokera kunja. Apa ndi pomwe ndidadzimvera chisoni. Zaka zonsezi ndakhala ndikudutsa pa Liwonde paminibasi, kugula nsomba ndi chimanga chootcha, osadziwa kuti njovu zili pamtunda woti ngakhale wakabaza angathe kundifikitsa pachipata.

Nkhalangoyi idakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 548. Kwa zaka zambiri idazunzika ndi opha nyama mozemba, pomwe njovu nazo zinkatuluka n'kumaononga minda ndi miyoyo ya anthu a m'midzi yozungulira. Mu 2015 nthambi ya boma yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire idagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowa. Kuchokera apo adamanga mpanda wamagetsi, adachotsa misampha ya waya yoposa 30,000, ndipo adabwezeretsa nyama zomwe zidatha: akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018 ndi mimbulu mu 2021. Mu 2019 adabweretsanso zipembere 17 kuchokera ku South Africa.

Tidayenda pang'onopang'ono m'mitengo ya tsanya. Choyamba kuoneka zidali nswala, kenako njiri zothamanga michira ili m'mwamba, anakodzwe ndi ngoma yamphongo ya nyanga zopotana. Ana ankalimbirana zenera. Koma patatha ola lathunthu njovu osaoneka, wachitsiriza adayamba kunyinyirika kuti akufuna kubwerera.

Mwadzidzidzi agogo adakweza dzanja.

"Zimitsa injini. Zili pompano, ndamva fungo lake."

Tisadafunse n'komwe, nthambi idathyoka kuti thyo! Kutsogolo kwathu kudatulukira njovu yaikazi, kumbuyo kwake kamwana, kenako zina mpaka zidakwana 9, zonse zikuoloka msewu kulowera kumtsinje. M'galimoto mudangoti zii. Chodabwitsa n'choti chinyama chachikulu chonchija chimaponda pansi osamveka mgugu. Mtsikana wathu uja adandigwira phewa n'kunong'ona kuti chithunzi chake chija adalakwitsa, makutu adawachepetsa.

Njovu yamphongo yokhwima imatha kulemera makilogalamu 6,000 ndipo patsiku imatha kudya makilogalamu 150 a udzu, masamba ndi makungwa. Kumeneko ndi kulemera kwa matumba atatu a chimanga. Yaikazi imakhala ndi bere miyezi 22. Gulu limatsogozedwa ndi njovu yaikazi yokalamba, ndipo ana aamuna akakula amachoka kukayenda paokha. Mayi a kunyumba atamva zimenezi adati: "Bambo, mwamvatu? Ngakhale kutchire mudzi ndi wa amayi."

Mmawa mwake tidakwera bwato la injini pa Shire. Iyi ndiyo ndalama yaikulu yomwe tidalipira paulendo wonse koma sitidadandaule. Mvuu zidali mbwee m'madzi, ng'ona zitayasama pamchenga, ndipo nkhwazi, mbalame yomwe ili pamwamba pa chizindikiro cha boma lathu, idalira kuchokera pamtengo wouma. Agogo adaloza kamwana ka ng'ona n'kukumbutsa adzukulu awo kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, choncho nawonso asamakhutire ndi pa Ntcheu pokha.

Mangochi ndi Cape Maclear

Tidaolokanso mlatho n'kutenga msewu wa M3 wodzera pa Ulongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 75 kukafika ku Mangochi. M'mbali mwa msewu mudali amayi ogulitsa mphasa, mitanga ndi zipewa zoluka ndi mlaza, komanso anyamata okweza nsomba m'mwamba galimoto ikamadutsa. Popeza chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chidali chitayandikira, tinkapatukira pafupipafupi malole a zipani odzaza ndi anthu oimba.

Pa boma la Mangochi, lomwe kale linkatchedwa Fort Johnston, pali zinthu zitatu zoyandikana zomwe anthu ambiri amangozidutsa. Pali chipilala cha wotchi chomwe adachimanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain. Pali mfuti yaikulu ya m'sitima ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, idakaononga sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya kwa nyanja. Palinso mwala wokumbukira anthu 145 omwe adamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Agogo adavula chipewa pamwalapo. Adati ali mwana nkhani ya Vipya inkakambidwa m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, ndipo amayi ankaigwiritsa ntchito poopseza ana okonda kukwera mabwato.

Kuchoka apo tidalunjika ku Monkey Bay, kwawo kwa sitima ya Ilala yomwe idayamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Tisadalowe m'tauni tidakhotera kumanzere, msewu wokwera ndi kutsika m'mapiri a miyala wopita ku Cape Maclear. Panjirayi pali Mwala wa Mphini, chimwala chachikulu chokhala ndi mizere ngati mphini zomwe agogo athu aakazi ankatema kumaso. Anyani adali tayale pamsewu kudikira woti awaponyere nthochi, koma tidaletsa ana chifukwa nyani wozolowera kupatsidwa chakudya amasanduka wakuba ndipo amaluma.

Malo otetezedwa a Lake Malawi National Park adakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Chomwe chimatetezedwa kwambiri kuno ndi nsomba. Nyanja yathuyi ili ndi mitundu yambiri ya nsomba kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo yochuluka mwa mitunduyi sipezeka kwina kulikonse. Nchifukwa chake kuwedza n'koletsedwa pamtunda wa mamita 100 kuchoka pagombe la malo otetezedwawa, ngakhale mudzi waukulu wa asodzi wa Chembe uli pakati pake penipeni.

Ku Otter Point madzi ndi oyera moti mbuna, tinsomba ta m'miyala ta mitundu ya buluu, yachikasu ndi yamizeremizere, timaoneka munthu ataima pamwala. Mnyamata wotiperekeza adauza ana kuti mbuna yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atakhwima. Wachitsiriza adafunsa ngati siiwala n'kuwameza, funso lomwe lidatiseketsa mpaka madzulo.

Chapafupi pali manda a amishoni a Livingstonia omwe adafika pamalowa mu 1875, m'gulu lomwe mudali Dr Robert Laws. Malungo adawapulula, ndipo mu 1881 adasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe mu 1894. Ife tidagona m'maneti usiku uliwonse. Titabwerera kumudzi tidapitanso kuchipatala kukafunsa za mankhwala a likodzo, chifukwa madzi odekha a kufupi ndi midzi ya m'mbali mwa nyanja amakhala ndi nkhono zofalitsa matendawa.

Golomoti, Mua ndi tayala lophulika

Tsiku lachinayi tidatenga msewu wa M10 wodutsa m'chigwa kukatulukira pa Golomoti, n'kulowa M5 kulowera kumpoto. Tidaima pa Mua, mishoni ya Akatolika yomwe idayamba mu 1902. Pamenepa pali Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe omwe adayambitsa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, komanso nyumba ya Chamare yosungiramo mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Pakhomo la chipinda cha Gule Wamkulu agogo adaima kaye n'kuyang'ana adzukulu awo, kenako adati iwo atidikira panja pamthunzi. Sitidawafunse chifukwa chake.

Titadutsa Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 wopita ku Nkhotakota udatitengera nthawi yaitali kuposa momwe tinkaganizira. Magawo ena a msewu adali okumbika, ndipo milatho ina ndi yopapatiza yodutsa galimoto imodzi. Ndikuzemba dzenje lina ndidagwera m'linzake, tayala lakumbuyo n'kuphulika.

Apa ndi pomwe ndidaona ubwino woyenda ndi munthu wamkulu. Agogo, ngakhale maso adali ofooka, adatsika n'kuyamba kulamula ngati kapitawo: miyala kumatayala, nthambi zamasamba pamsewu kutsogolo ndi kumbuyo kuti madalaivala ena achenjere, ana onse kutali ndi phula. Jeke wathu adakana kukwera pamchenga mpaka bambo wina wa panjinga, yemwe adanyamula thumba la mpunga, adaima n'kukatibwerekera thabwa panyumba yapafupi. Titafuna kumupatsa kangachepe adakana, ati mawa adzakhala iyeyo.

Pa Chia, pomwe dziwe lalikulu limalumikizana ndi nyanja, tidagula chambo n'kuchimangirira pagalasi lakunja monga amachitira aliyense wochokera kunyanja. Tidalowa m'tauni ya Nkhotakota dzuwa litafiira.

Kwawo kwa agogo

Mmamawa, kusadache bwino, bambo adandidzutsa kuti ndiwaperekeze kugombe. Tidapeza asodzi akubwera ndi usipa, amayi atanyamula mabeseni kudikira. Dzuwa litatuluka kutsidya, bambo adaima nthawi yaitali osayankhula. Kenako adawerama, adatunga madzi ndi manja awiri n'kusamba kumaso.

"Ndikuiona ngati ili muutsi," adatero, "koma ndi yomwe ija."

Masana adatitengera pamkuyu wakale womwe uli pafupi ndi tchalitchi cha Anglican cha All Saints, pomwe mbiri imati David Livingstone adakumana ndi Jumbe mu 1863 kumupempha kuti aleke malonda a akapolo. Jumbe sadamvere. Kuchokera padoko la Nkhotakota anthu zikwizikwi ankaolotsedwa nyanja m'zombo n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere. M'tchalitchimo mudaikidwa Bishopu Chauncy Maples, yemwe adamira panyanjayi mu 1895. Mnyamata wathu wa Fomu 2 adalemba zonsezi m'kope mwake popanda womuuza.

Achibale adatiphikira mpunga wa faya ndi chambo chija. Pocheza, nkhani idafika pa njovu. Nkhalango ya Nkhotakota, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, kale idali ndi njovu zoposa 1,500, koma pofika 2015 zidatsala zosakwana 100 kaamba ka opha nyama ofuna minyanga. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa pamalole kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kubwera kuno, umodzi mwa misamuko ikuluikulu ya njovu yomwe idachitikapo padziko lapansi. Achibalewo adati adaona ndi maso awo malolewo akudutsa, anthu atandanda m'mbali mwa msewu ngati kukubwera mtsogoleri wa dziko.

Msewu wa M18 wopita ku Kasungu umadutsa m'kati mwa nkhalangoyi, kukwera mapiri okutidwa ndi mitengo ya mombo ndi masuku. Agogo adatichenjeza kuti titseke mazenera chifukwa cha kashembe, ntchentche yoluma yomwe imafalitsa matenda a kaodzera. Ntchentchezi zimakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda komanso zinthu zoyenda, nchifukwa chake misampha yake imakhala nsalu za mitundu imeneyi zopachikidwa m'mitengo. Titatuluka m'nkhalango mitengo idatha ngati wadula ndi mpeni, kudangotsala minda ndi zigafa za fodya mpaka pa Mtunthama, pomwe pali sukulu ya Kamuzu Academy yomwe idatsegulidwa mu 1981.

Kasungu: mbali ina ya nkhani

Nkhalango ya Kasungu ndi yachiwiri kukula m'dziko muno, kutsatira Nyika. Ili ndi masikweya kilomita oposa 2,300 ndipo imachita malire ndi dziko la Zambia. Idakhala malo otetezedwa a mtundu umenewu mu 1970. Nayonso idataya njovu zake, kuchoka pa 1,000 ndi kuposerapo m'zaka za m'ma 1970 kufika pafupifupi 50 mu 2015. Mu 2022 boma ndi mabungwe oteteza nyama adasamutsira kuno njovu 263 kuchokera ku Liwonde, komwe zidachulukanso kuposa malo.

Padamu la Lifupa, makilomita oposa 50 kuchoka pa boma la Kasungu, tidaona mvuu ndi gulu lina la njovu likumwa madzi chakumadzulo. Ana adasangalala poganiza kuti mwina zina mwa izo ndi abale a zomwe tidaona ku Liwonde.

Usiku umenewo tidagona kwa msuweni wanga, mlimi wa chimanga ndi mtedza m'mudzi wina woyandikana ndi malire a nkhalangoyi. Ana atayamba kusimba mokondwa za kukongola kwa njovu, iye adangomwetulira. Mmawa adawatenga kuseri kwa nyumba n'kuwaonetsa pomwe padali nkhokwe yake. Padangotsala mitengo iwiri yopendekeka.

Adati zidabwera usiku, mwezi uli mbee, chimanga atangomaliza kukolola. Adamenya zitini, adayatsa moto, agalu adauwa mpaka kusasa mawu, koma njovu zidagwetsa nkhokwe n'kudya mpaka kukhuta, zotsala n'kupondaponda. Banja lonse lidadzitsekera m'nyumba likupemphera. Chakudya cha chaka chonse chidatha usiku umodzi, ndipo palibe adamubwezera ngakhale chitini chimodzi. Chaka chimenecho iye ndi mkazi wake adadalira ganyu, ndipo mwana wawo wina adajomba teremu yathunthu kusukulu.

Nkhani ngati imeneyi si yachilendo m'midzi ya m'malire a nkhalangoyi, kuno kwathu ngakhalenso mbali ya Zambia. Chichitikireni msamuko wa 2022, nyuzi ndi mawailesi akhala akulengeza za minda yoonongeka komanso anthu omwe adaphedwa ndi njovu. Mbali inayi, lamulo loteteza nyama lomwe lidakonzedwanso mu 2017 ndi lokhwima: wopezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere kapena ngaka akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Lamuloli lathandiza kuti nyama zichulukenso, koma mlimi wa m'malire amafunsa kuti nanga iyeyo ndi mbewu zake amutchinjiriza ndani.

Msuweni wangayo sadanene kuti njovu ziphedwe. Adati nkhalangoyo imawapatsanso zabwino, monga uchi ndi matondo omwe anthu a m'midzi yozungulira amaloledwa kukatola panyengo yake. Chomwe amafuna ndi mpanda wolimba mbali yawo, alonda obwera msanga akaitanidwa, ndi kuti ena mwa ana a m'mudzimo apezeko ntchito kunkhalangoko. Pakalipano chimanga amasunga m'matumba m'chipinda chogona, ndipo m'malire mwa munda adabzala tsabola chifukwa njovu zimadana ndi fungo lake.

Pobwerera, kuchoka pa Kasungu kudzera Mponela, Lilongwe, Dedza mpaka Lizulu pomwe msewu umayenda m'malire ndi Mozambique, m'galimoto mudali phee kusiyana ndi popita. Tili pafupi kufika, mtsikana uja adafunsa: "Agogo, ndiye njovu ndi yabwino kapena yoipa?"

Agogo adati njovu ndi njovu basi, imadya pomwe yapeza chakudya. Adati anthufe ndi amene tiyenera kugwirizana za malire, chifukwa amene amaionera pazenera la galimoto ndi amene amagona nayo pafupi onse ndi eni ake a dziko limodzi.

Kwa ofuna kuyenda

Banja lomwe likufuna ulendo wotere lisadikire kulemera. Sikuti mpaka muzungulire makilomita oposa 1,000 ngati ife. Wa ku Balaka, Ntaja kapena Zomba akhoza kupita ku Liwonde mmawa n'kubwerako madzulo. Wa ku Nchalo, Chikwawa kapena Ngabu ali pafupi ndi Lengwe ndi Majete. Wa ku Rumphi ali ndi Vwaza ndi Nyika, wa ku Mponela kapena Chinkhoma ali ndi Kasungu. Mabanja awiri kapena gulu la kutchalitchi akhoza kusonkherana n'kuchita hayala minibasi imodzi.

Funsiranitu mitengo yolowera musadanyamuke chifukwa imasintha, ndipo musaiwale chiphaso cha unzika. Galimoto ikaonedwe ndi makaniko, makamaka mabuleki, matayala ndi madzi a injini, ndipo mapepala ake akhale okwanira chifukwa apolisi apamsewu mukumana nawo kangapo. Pewani kuyenda usiku m'misewu ya kumidzi momwe muli njinga zopanda magetsi, ngolo ndi ziweto.

M'nkhalango lowani mmamawa kapena chakumadzulo pomwe nyama zimayendayenda. Musatsike m'galimoto kupatula pamalo ololedwa, musaimbe hutala, ndipo njovu ikakhala ndi mwana kapena ikayamba kutambasula makutu n'kupukusa mutu, ipatseni mpata. M'mbali mwa mtsinje kumbukirani kuti mvuu ndi ng'ona zimathamanga kuposa momwe zimaonekera. Zinyalala zanu mubwerere nazo.

Ka Sienta tidakabweza ndi matayala anayi, limodzi lili lachilendo. Mwezi wa Novembala bambo adachitidwa opaleshoni ya diso limodzi ndipo tsopano nyuzi akuwerenga bwinobwino, moti ayamba kale kufunsa za msewu wa ku Nyika. Titakolola chaka chino, ana adatikumbutsa okha kuti tipatule matumba awiri a chimanga opita ku Kasungu.

Chithunzi chija mtsikana wathu adachijambulanso. Makutu adawakulitsa, ndipo pambali pa njovuyo adaonjezerapo nkhokwe ndi munthu atanyamula chitini.